Mpeni wa Ababa

Area 43, Lilongwe
9 Epulo 2024

Mwana wanga Immaculata,

Landira moni kuchokera kuno kwa achimwene ako a Paxton. Wadzuka bwanji ku Dublin kumeneko? Akuti kumazizira mpaka mano kuguguda. Ine ndili bwino, kupatula makutu omwe aja. Pafoni ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'mgolo, ndiye ndabwerera ku cholembera. Apongozi anga a Rachel ati azijambula makalata anga pafoni yawo n'kukutumizira, ako aziwasindikiza ku ofesi kwawo ku City Centre. Ndiye uzilemba zaulemu, panjirapa pali maso.

Lero ndakwanitsa miyezi itatu chichokere ku Kawale, inayi chiwaikire amayi ako m'manda. Paxton wandipatsa chipinda chokhala ndi bafa lakelake ndi kanema wamkulu ngati chitseko. Ntchito yanga ndi kukhala. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinagwira ukhukhi m'nyumba za kunozi, ku Area 10 ndi kuno ku 43, ndikulowera khomo la kumbuyo epuloni ili m'jumbo. Lero ndimalowera kumaso, mlonda n'kundivulira chipewa. Nthawi zina ndimacheuka kuti ndione akuvulira ndani.

M'mawa uliwonse ndimakhala pawindo kuonerera antchito akubwera wapansi kuchokera ku Kauma, ali chamuna kuopa kuchedwa. Miyendo imandiyabwa. Ndikatero ndimazungulira nyumba katatu, kanayi, mpaka galu wa pano anatopa nane, masiku ano amangondiyang'ana ali chigonere.

Chakudya chimabwera pa thireyi. Amandibweretsera ndi mayi Sophia, amene amagwira ntchito m'nyumba muno. Paxton ndi akazi ake amachoka m'mamawa, kubwera kwake dzuwa litalowa, ndiye ndimadya ndi anthu a mu kanema. Dzana ndinalowa m'khitchini kuti ndingoona sitovu. Ndi ya mapuleti asanu, ndi uvuni woti mbuzi yonse n'kulowa. Ndisanaikhudze n'komwe, Paxton anandigwira paphewa. "Ababa, muno ayi. Munaphika zokwanira." Ndinaseka n'kutuluka.

Sindikupempha kalikonse, usade nkhawa. Ungondiuza kuti okalamba amene umawasamalira kumeneko amadya chiyani, ndipo amawaphikira ndani.

Ndine bambo ako,
Davison Mlangali

Dublin
14 Epulo 2024

Ababa,

Ndakondwa kuona zolemba zanu zopendekera kumanja zija. Ndinaziwerenga kawiri m'basi mpaka kupitirira siteji yanga. Ine ndili bwino, kungoti mvula ya kuno ilibe nyengo, imagwa ikafuna.

Achimwene akuchita bwino, Ababa. Pumulani. Munaima pamoto zaka zonsezo kuti ife tiphunzire, msana wanu nawo uli ndi ufulu wake. Anzanu a ku Kawale akuilakalaka thireyi imeneyo. Khalani ngati bwana, muzingoitana.

Mwafunsa za okalamba athu. Chakudya chimabwera pagalimoto chophikaphika, ife timangotenthetsa. Chofewa, chopanda mchere, chooneka chimodzimodzi Lolemba mpaka Lamlungu. Ambiri amangochitosatosa ndi foloko. Pali gogo wina wamakani amene sadya pokhapokha timupatse kachewere kuti asende yekha. Timamupatsa awiri ndi kampeni kobuntha kuti atisiye mtendere. Akatha kusenda amadya mbale yonse, kenako n'kuyamba kuimba. Ife timangoseka nazo.

Nanga inuyo mukudya? Simunanene zimene zimakhala pa thireyipo. Moni kwa alamu anga a Rachel, amene ndikudziwa kuti afika kale pamzere uno.

Mwana wanu,
Immaculata

City Centre, Lilongwe
6 Meyi 2024

Imma,

Iyi ndikulemba pa kompyuta ya ku banki kuno, isadzere kwa Ababa. Uli bwanji? Ife sitili bwino.

Ababa ayamba kusowa. Papita masabata atatu tsopano, koma ine ndazidziwa Lachisanu. Sophia akuti ifeyo tikangotuluka pageti, iwonso amavala jekete, kutenga jumbo, ulendo. Amabwera cha m'ma fili koloko. Mlonda akawafunsa amati akukawongola miyendo. Miyendo yanji yowongola maola asanu ndi atatu? Amabwera akununkha utsi, malaya ali madontho a mafuta. Mnzanga wa mu ofesi muno anawaona ku Old Town akutsika minibasi pafupi ndi mlatho. Akuti poyamba anawayesa munthu wofuna ganyu. Ndinachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana.

Lachisanu lomwelo Rachel analowa m'chipinda mwawo kukasintha nsalu za pabedi. Kunsi kwa bedi anapeza masoseji, tchipisi ndi buledi, zokulunga m'nyuzipepala, zina zitachita nkhungu. M'matumba a jekete munali anyezi ndi jinja. Kunsi kwa pilo kunali mpeni. Mpeni, Imma, wakuthwa ngati lezala, wokulungidwa mu mpango wa amayi uja wa maluwa ofiira.

Ndinawafunsa, "Ababa, mpeniwu ndi wa chiyani?" Anati, "Ndi wanga." Basi. Ndipo anamwetulira.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti masiku amene asowa amabwera akung'ung'udza nyimbo za kwaya, madzulo n'kugona tulo tabwino. Lamlungu, ifeyo tikakhala pakhomo, amangoti duu pampando tsiku lonse. Rachel akuti amalume ake anayamba chomwechi, lero kuseka mawa mdima, ndipo mathero ake sindikufuna kuwalemba.

Iwe ndiwe umadziwa za okalamba. Ndichite chiyani? Ndikakhala m'msonkhano foni n'kulira, mtima umangoti myuu.

Paxton

Dublin
6 Meyi 2024

Achimwene,

Ndawerenga ndili pantchito. Musazengereze. Chaka chatha kuno tinali ndi bambo wina wamasiye amene anayamba chimodzimodzi: kubisa chakudya, kuyenda kosadziwika kopita, kumwetulira popanda chifukwa. Tsiku lina tinamupeza m'bafa atadzicheka.

Mpeniwo muuchotse lero lomwe, ndipo ina yonse ya m'khitchini muitsekere m'kabati. Mumuuze mlonda kuti geti isatsegulidwe kwa Ababa popanda inu. Mupite nawo kwa dokotala. Akakwiya muwauze kuti wanena ndine, bola andikwiyire ali moyo. Amayi tawataya kale. Sindingapirire kukweranso ndege ya maliro.

Imma

City Centre, Lilongwe
2 Juni 2024

Imma,

Pepa kuti ndakhala chete. Ndimayembekezera kuti ndikulembere nkhani yabwino, koma sikubwera.

Zonse unanena ndinachita. Mpeni uli m'dirowa ya ku ofesi kwanga. Pouchotsa sanalimbane nane. Anangofunsa kuti, "Immaculata akudziwa?" Ndinati wanena ndi iyeyo. Anagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma.

Masiku oyambirira ankapitabe pageti m'mawa uliwonse, jekete atavala, jumbo ili m'manja, n'kuima pamenepo mpaka mlonda kuthawira kuseri kwa kanyumba kake. Kenako anasiya. Kuzungulira nyumba anasiyanso. Pano sasamba pokhapokha auzidwe, salankhula, nyimbo zija zinatha. Lamba wawo ndaboola kale kawiri.

Rachel akuyesetsa, usamuganizire zoipa. Amabwera ndi majumbo a m'masitolo: yogati, majuwisi, pitsa, nkhuku yokazingakazinga. Thireyi imabwerera mmene inapitira. Amangomwa tiyi ndi kachibenthu ka buledi. Dokotala anawayeza n'kupeza kuti magazi achepa kwambiri. Akuti thupi likamanidwa chakudya maganizo nawo amafooka, ndipo maganizo akafooka kukhosi kumatseka, ndiye zimangothamangitsana choncho. Wawapatsa mapiritsi, koma wanenetsa kuti akapanda kuyamba kudya pofika pa 28 mwezi uno, awagoneka m'chipatala, mbali ya odwala maganizo. Mapepala ndasaina kale.

Ndinawamangira chipinda chija kuti akalambe mwaulemu. Ndinalakwitsa pati?

Paxton

Dublin
10 Juni 2024

Ababa,

Iyi ndi kalata yachitatu ndipo simunayankhe ngakhale imodzi. Alamu akuti amakuikirani pa thireyi pafupi ndi kapu. Ndikudziwa kuti mwandikwiyira. Ndikwiyireni, koma idyani. Ngakhale supuni zitatu, Ababa. Ndimadyetsa makolo a anthu tsiku lonse, ndikafika kunyumba ndimalephera kumeza changa.

Ndilembereni ngakhale mzere umodzi wondikalipira.

Immaculata

Dublin
19 Juni 2024

Achimwene,

Siyani chilichonse chimene mukuchita muwerenge izi. Lero ndapeza m'bokosi langa la makalata envulopu yokhala ndi masitampu a kwathu. Ndi ya Ababa. Anailemba pa 29 Epulo, sabata yathunthu inu musanandilembere za mpeni, ndipo yayenda masabata asanu ndi awiri. Ndaijambula yonse, nayi. Ndailira mpaka mnzanga wa chipinda china kudzagogoda.

Old Town, Lilongwe
29 Epulo 2024

Mwana wanga Immaculata,

Iyi ndikuiponya ndekha ku positi ofesi. Apongozi anga ndi munthu wabwino, koma pali zina zosayenera kudzera m'foni ya apongozi.

M'kalata ija ndinakunamiza kuti ndili bwino. Chimwalirireni amayi ako chakudya chimandimvekera ngati pepala. Ndikakhala ndekha ndi thireyi ija, kukhosi kumakana. Kubweza mbale yodzaza ndi kunyoza wophika, zimenezo ndimazidziwa, zinandichitikirapo kambirimbiri. Ndiye ndimakulunga m'nyuzipepala kuti mayi Sophia aziyesa ndadya, n'kukataya panjira. Nthawi zina ndimaiwala.

Unandiuza za gogo wosenda kachewere uja, n'kuti mumaseka nazo. Ine sindinaseke. Tsiku lotsatira ndinakwera minibasi.

Ukuwakumbukira Che Twahir, amene ankandigulitsa nyama ya mbuzi mabwana anga akakhala ndi alendo? Pano ali ndi kanyumba kodyera kuseri kwa msika, kufupi ndi mzikiti. Mabenchi atatu, mbaula ziwiri, ndi mphwawo amene amaphika ngati akulanga anthu. Ndinangoti ndiwapatse moni. Ndinapeza nyemba zikuwira zitathiridwa kale mchere ndi tomato zisanafewe, ndipo mtima sunandilole. Ndinavula jekete.

Kuyambira tsikulo ndimapita m'mawa uliwonse. Sandilipira, ndinakana. Ndimaphika nyemba, nkhwani wotendera, usipa, Lachisanu mpunga wa nyama. Amadya pamenepo ndi matelala, okonza mafoni, anyamata a kabaza. Wina akati "Madala, ndiwozi mwazitani?" ndimamva magazi akuyenda mpaka kuzala. Anthu akachepa timakhala pabenchi ndi Che Twahir n'kudya mbale imodzi, tikukangana za mpira. Pamenepo ndimadya mpaka kunyambita chala. Ndikabwerera kunyumba ndimagona osawalota amayi ako ali m'bokosi.

Mipeni ya Che Twahir singadule ngakhale nthochi yakupsa, ndiye ndimatenga wanga. Uja anandisiyira malemu a Levison, amene anandiphunzitsa ukhukhi mu 1981. Ndaunola mpaka watsala ngati chala. Ndimaukulunga mu mpango wa amayi ako kuti usaboole jumbo, komanso kuti onse awiri azikhala malo amodzi.

Tsopano chimene ndalembera. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinaphikira ana a eni ake. Ndinkadziwa amene sakonda karoti, amene amafuna dzira lofewa pakati. Inu ana anga munkadya zotsala, zozizira, m'kontena ya majarini. Kunyumba amayi ako sankandilola kuyandikira moto, ati amuna awo asasekedwe ndi Kawale yense. Ndiye ndakalamba osakuphikiraniko ngakhale kamodzi. Paxton akutsokomola masiku ano. Ndagula jinja ndi anyezi kuti ndimupangire msuzi wa nkhuku, koma zikungoyenda nane m'matumba.

Iwe amakumvera. Undipemphere khitchini ija Lamlungu limodzi lokha. Usamuuze za ku Old Town, angachite manyazi.

Bambo ako,
Davison

Achimwene, galu wamkota sakandira pachabe, koma ine sindinafunse n'komwe. Gogo wa kachewere uja ndimamuona tsiku lililonse ndi maso angawa. Anandituma kuti ndiwapemphere khitchini, ine n'kuwalanditsa mpeni. Ndipo iwo akuyesa kuti ndinatero nditawerenga kale kalatayi.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi.

Imma

Area 43, Lilongwe
22 Juni 2024

Imma,

Kalata ija ndinaiwerengera m'galimoto, pamalo oimika magalimoto a ku banki. Sindinabwererenso mu ofesi. Ndinalunjika ku Old Town.

Kanyumbako ndinakapeza movutikira, nsapato zanga zonse fumbi. Che Twahir atangondiona ndi tayi anati, "Inu ndinu a Paxton. Mphuno ndi ya a Davison." Akuti anabwera kawiri pageti pathu mu Meyi, mlonda n'kuwabweza poyesa ndi ogulitsa malonda. Akuti makasitomala ena anasiya kubwera, ena amafunsabe kuti madala a nyemba aja anapita kuti. Nditawafotokozera zonse anati, "Mwana wanga, munthu ukamulanda khasu usadabwe akamadana ndi m'mawa."

Pali chinthu sindinakuuzepo, unali wamng'ono. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ankandituma Loweruka ku Area 10 kukatenga kontena ija. Lamulo linali loti ndiziima panja pa khomo la kumbuyo. Tsiku lina kunali phwando la mwana wa bwana, msinkhu wanga. Ababa anali atapanga keke yooneka ngati galimoto, mateyala ake a bisiketi. Ndinaponda pakhomo kuti ndiione bwino. Ababa anandiuza motsitsa mawu, "Dikira panja pomwepo, usalowe." Nthawi yomweyo dona, mkazi wa bwanayo, anakuwa m'katimo, "Davison!" ngati akuitana mwana, Ababa n'kuthamanga akupukuta manja pa epuloni. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndikadzakula bambo anga sadzagwiranso poto. Nyumba ino ndinaimanga ndi lumbiro limenelo. Sindinawafunsepo ngati iwo ankadana nayo potoyo. Ndimayesa zimene zinkandiwawa ine zinkawawawanso iwo.

Dzulo ndinabweretsa mpeni. Ndinauika pa thireyi, mu mpango wake womwe uja, ndinagwada n'kupepesa. Ndinawauza kuti kalata yawo yakupeza Lachitatu lapitali, kuti pamene unkandiuza za geti unali usanaione. Ndinabwereza katatu pafupi ndi khutu lawo. Ndinati khitchini ndi yawo, Lamlungu ndi masiku ena onse.

Anayang'ana mpeni, anayang'ana ine, n'kutembenukira kukhoma. Lero m'mawa ndaupeza pomwe ndinausiya. Tiyi amwa theka.

Ndikuopa kuti tachedwa, Imma. Chikwama cha kuchipatala Rachel walongedza kale, chili kuseri kwa chitseko chathu kuti asachione.

Paxton

Area 43, Lilongwe
8 Julayi 2024

Mwana wanga Immaculata,

Unapempha mzere umodzi wokukalipira. Nawu: uli ndi phuma ngati amayi ako. Kwatha. Tsopano moni. Wadzuka bwanji? Apongozi anga, amene mukujambula kalatayi, werengani momasuka, lero mulibe chobisa.

Makalata ako onse atatu ndinawerenga, kungoti dzanja linkalemera. Sindingathe kukufotokozera bwino mmene zinalili. Sikunali kukwiya kokha. Zinali ngati ndakhala pansi pa chitsime, anthu akulankhula kumwamba, ine ndikuona milomo yokha. Paxton atabweretsa mpeni ndinamumva ndithu, ndipo mtima unapepuka nditadziwa kuti kalata ija inachedwa. Koma kuti nditambasule dzanja ndiutenge, mphamvu panalibe.

Lachiwiri lotsatira ndinangoona Che Twahir akulowa m'chipinda mwanga, atatsogozedwa ndi Paxton, dengu lili m'manja. Sanandifunse za matenda. Anakhala pampando, anaika thabwa pamaondo, anatulutsa anyezi ndi chimpeni chawo chobuntha chija n'kuyamba kudula. Ndinadziwa kuti ndi msampha. Ndinatseka maso. Koma makutu angawa, amene samva ana anga pafoni, anamva anyezi akuphwanyika. Woyamba ndinapirira. Wachiwiri ndinapirira. Pa wachitatu ndinati, "Che Twahir, anyeziyo mukumudula kapena mukumupha?" Iwo anati, "Mwini ntchito wagona, nanga titani." Ndinawalanda thabwa.

Ndinamasula mpeni wanga mu mpango uja, ndipo ndinadula anyezi awiri okha n'kutopa. Koma tinapita kukhitchini, ine nditakhala pampando ndikulamula, mayi Sophia akutakasa. Tinaphika msuzi wa nyemba ndi bonongwe amene Che Twahir anabweretsa. Wophika amalawa, ndilo lamulo. Ndinalawa kanayi, kenako ndinapezeka ndili ndi mbale.

Pa 28 tinapita kwa dokotala. Anandiyeza, anandifunsa mafunso, n'kunena kuti bedi lija apatsa wina. Magazi akadali ochepa, mapiritsi ndikumwabe, ndipo akufuna azindiona pakatha masabata awiri aliwonse. Anandilembera papepala kuti ndizidya chiwindi, nyemba, masamba ndi mazira, n'kuyamba kundifotokozera kaphikidwe kake. Mwana wobadwa dzulo. Ndinamumvetsera mwaulemu.

Sindikunamizanso. Masiku ena ndimadzukabe ndi mwala pachifuwa, ndipo amayi ako ndimawasowa mpaka kulira. Koma ndikakumbukira kuti nyemba ndinaviika dzulo ndipo zikundidikira, ndimadzuka. Ku Old Town ndimapita katatu pa sabata, Paxton amanditula yekha pa mlatho. Madzulo thireyi kulibenso. Timadya patebulo, ngakhale achedwe ndimawadikira.

Dzulo linali Lamlungu langa lija. Nkhuku ya chikuda anazinga ndi Che Twahir kuti nawonso adye nawo. Ndinaiphika ndi jinja ndi adyo, pamoto wochepa, ndi mpunga wa kilombero ndi nkhwani wotendera. Apongozi anga anasinja nsinjiro okha, ndipo ali ndi dzanja labwino, kungoti palibe anawauzapo.

Ndili mkati mopakula ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli munthu. Nditacheuka ndinaona Paxton. Anali atachokera kogula zakumwa, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Anali ataima panja pa khomo la kumbuyo, manja kumbuyo, nsapato zitalekeza pamzere wa simenti. Bwana wa ku banki, imvi zayamba kale, nyumba ndi yake, koma waima pomwe ndinamuimika zaka zija. Sindikudziwa ngati iye ankadziwa chimene akuchita.

Ndinati, "Lowa, mwana wanga. Lero ndaphikira iwe."

Analowa. Sanadikire za patebulo. Ndinamupatsa ntchafu ndi msuzi m'kambale, anamwa ali chiimire, ndipo anapsa lilime mpaka misozi. A Rachel anathamangira madzi. Iye anakana, n'kumwanso. Mwana wa zaka makumi anayi ndi zitatu, sankadziwa kuti chakudya cha bambo ake chimatentha.

Disembala ubwere. Undiuziretu chimene umakonda, chifukwa ndi zamanyazi koma sindikudziwa. Chako sinditumiza pa positi. Munadya zozizira zokwanira.

Ndine bambo ako,
Davison Mlangali